Fisi Asunga Ziphaso za Utsi

Padangokhala, ndipo amene muli maso vomerani kuti tili pamodzi.

Kunali mudzi wa nyama kumene aliyense ankagona mmene makolo ake ankagonera, wina kuuna, wina mumphako, wina pachitsamba, popanda wodandaula. Chaka china a Njati anabwerako kuulendo ataona nyumba ya njerwa zootcha. Anaumba zawo, anaotcha, anamanga. Nyumbayo inkatentha ngati chiwaya, moti eni akewo ankagonabe panja, koma nyama zonse zinaikhumbira. Chilimwe chotsatira mudzi unali mauvuni okhaokha, makumi anayi pamwezi, ndipo theka la mauvuniwo linali la a Njati.

Utsi suyenda pansi, umakwera. Tsono akuluakulu a mudziwo onse anali apansi. Mfumu, a Mvuu, ankakhala m'madzi n'kumangotulutsa mphuno pakagwa mlandu. Msilikali wa mfumu, a Fisi, ankagona kuphanga. A Njati ankaima kumene mphepo ikuchokera. Utsi wonse unkapita kwa a m'mitengo, amene analibe mpando pabwalo.

Mmodzi wa iwowa anali Gologolo. Mphako yake inali mumtengo umene anamusiyira mayi ake, ndipo mauvuni a a Njati anandanda pansi pake penipeni, poti dothi labwino linali pamenepo. Anali ndi mwana mmodzi, dzina lake Kamchira. Mwanayo anayamba kutsokomola. Poyamba chinali chifuwa wamba, chija timati chitha chokha. Kenako anasiya kusewera, nthiti zinayamba kulowa m'kati akamapuma, ndipo pachifuwa pake pankalira ngati mluzu wong'ambika. Gologolo anapita naye kwa a Kakowa, amene mudzi unawapatsa udokotala chifukwa chovala zoyera. A Kakowa anamvetsera kumsana kwa mwanayo, nati mankhwala alibe, chimene akufuna mwanayu ndi mpweya, ndipo utsi ukapitirira chonchi mvula yoyamba sadzaiona. Kusamuka sikukanathandiza. Mitengo yonse ya m'mudzimo inali mu utsi womwewo, ndipo mwana wodwala chotero sungamubereke ulendo wa masiku atatu.

Akamamusisita mwanayo kumsana, Gologolo ankaimba kanyimbo kofunsa utsi kuti mwini wake ndani, nanga bwanji ukulowa m'nyumba za eni osaodira. Nyimboyo inalibe mawu ovomera. Pamalo povomera, ana a m'mitengo yonse ankatsokomola kawiri, ndipo zinkagwirizana bwino ndithu.

Gologolo anakadandaula kwa mfumu. A Mvuu anatulutsa mphuno, ananunkhiza pamwamba pa madzi, anati iwo sakumva kanthu, n'kumira.

Gologolo sanakangane nawo. M'mawa mwake anapita padooko, anapeza akazi a mfumu akuchapa mkanjo wa amuna awo, ndipo anadzipereka kukauyanika pamwamba pa mtengo wake, poti pansi pano zovala zimachedwa kuuma. Anauyanika masiku awiri. Poubweza anaupereka m'manja mwa mfumu yeniyeniyo, wopindapinda bwino, ndipo mfumu inauvala n'kupita kumsonkhano wa mafumu kutsidya. Pobwerako akazi awo ananunkhiza kamodzi kokha. Anafunsa kuti msonkhano wake ngotani umene mwamuna amabwerako akununkha khitchini ya mkazi wina. Mfumu inalumbira, koma sizinamveke. A Mvuu anauzidwa kuti akagone konko kumene akuwaphikira, ndipo anakhala kumtunda masiku atatu. Kumtundako anaumva utsi uja bwinobwino. Tsiku lachinayi anaitanitsa bwalo.

"Njira zilipo ziwiri, Gogo Chalo," anatero a Kadzidzi, nduna yaikulu, amene ankadziwa zambiri chifukwa analibe ntchito ina iliyonse. "Yoyamba ndi msonkho. Woyatsa uvuni apereke dengu la nsomba zouma. Zikamuwawa achepetsa yekha. Yachiwiri ndi ziphaso. Tinene kuti mauvuni asapose makumi awiri pamwezi, tigawe ziphaso makumi awiri, ndipo wosafuna kuotcha agulitse chake kwa wofuna."

"Yabwino ndi iti?"

"Msonkho umakuuzani mtengo, koma sukuuzani kuti utsi utsala wochuluka bwanji. Ziphaso zimakuuzani utsi, koma sizikuuzani mtengo."

Mfumu inati yafunsa kuti yabwino ndi iti. A Kadzidzi anatembenuzira nkhope kumsana, monga amachitira akafuna kuti funso liwadutse.

A Fisi anafunsa kuti msonkhowo azitolera ndani. Atamva kuti imeneyo ndi ntchito ya msilikali, ananena kuti iwo akhala akuganizira ana a m'mitengo kwa nthawi yaitali, ndipo msonkho ndiwo wabwino. Bwalo linavomereza.

Sabata yoyamba zinaoneka ngati zatheka. A Nguluwe, amene ankayatsa uvuni wa njerwa zochepa nthawi iliyonse akakhumba, anayamba kudikira kuti zichuluke n'kuotcha pamodzi. Ena ang'onoang'ono anangosiyiratu. Koma a Njati anapereka madengu awo osaphethira, anakweza mtengo wa njerwa, ndipo ogula onse a anthu amene anasiya aja anapita kwa iwo. A Fisi nawo anayamba kuyendera mudzi m'mamawa, atanyamula makala amoto paphale. Akapeza uvuni wozizira ankafunsa mwachifundo ngati pakhomo pali matenda, n'kusiya moto uja pompo.

Gologolo anatsika kukaonana ndi a Njati.

"A Njati, mwana wanga sakupuma."

"Ndalipira, make Kamchira. Funsani a Fisi."

"Nanga nsombazo zikumuchiza mwanayo?"

"Zimenezo n'za akuluakulu. Utsi wanga ngolipira. Mukapeza wosalipira, umenewo ndiye mukaudandaule."

Gologolo anathokoza, napita padooko. Anawathandiza akazi a mfumu kukamula zovala, anacheza za kukwera kwa mtengo wa mchere, ndipo pochoka anawafunsa kuti nsomba zonse zija akumazisunga bwanji kuti zisafumbwe, poti madengu makumi atatu ndi asanu si masewera. Akazi a mfumu anafunsa kuti nsomba ziti.

Bwalo linakhalanso m'mawa mwake. A Fisi anabwera lamba atamuboola zibowo ziwiri zatsopano, ndipo ananena kuti nsombazo zinatha ndi zoyendera. A Kadzidzi anati vuto si msonkho, vuto ndi wotolera, komanso dengu limodzi kwa a Njati n'chimodzimodzi kulumidwa ndi ntchentche. Anati mfumu iike madengu asanu. A Njati anati madengu akafika asanu iwo asamukira kutsidya ndi zikombole zawo, ndipo mudzi uno udzasowa ndi njerwa yophikira yomwe. Mfumu, imene sinkakonda phokoso, inachotsa ntchito a Fisi n'kunena kuti tsopano ayese za ziphaso zija.

Panafunika chinthu choti chikhale chiphaso. A Nungu anadzipereka, anazula minga makumi awiri pamsana pawo, bwalo linawaombera m'manja. Pogawa anati aliyense alandire molingana ndi mmene ankaotchera kale, kuti pasakhale wodandaula. A Njati analandira khumi zaulere. Ena analandira imodziimodzi. A m'mitengo sanalandire kanthu, poti sanaotchepo chiyambire. Lamulo linali lakuti woyatsa uvuni azibaya munga wake pamwamba pa uvuniwo, aliyense aziuona.

Msika wa minga unatentha. Ang'onoang'ono anaona kuti kugulitsa munga kukupindulitsa kuposa kuponda dothi, ndipo wogula anali mmodzi. Pakutha pa sabata minga yonse makumi awiri inali ya a Njati, ndipo mauvuni onse makumi awiri anali pansi pa mtengo wa Gologolo. A Kadzidzi anawerenga, analengeza kuti utsi wa mudzi watsika ndi theka, ndipo sananame. Mudzi unavina. Tsiku lomwelo Kamchira anakana phala. Gologolo anaimba nyimbo yake ija, koma a mitengo yakutali sanavomere, poti kwawo kunali kutayera. Anavomera Kamchira yekha, ndipo sanalekeze pawiri.

Wokhala pamwamba amaona zambiri. Sabata yachiwiri Gologolo anawerenga mauvuni makumi atatu, yachitatu makumi asanu, ndipo uliwonse unali ndi munga wake pamwamba, wolondola bwino. Anaonanso kuti a Nungu ayamba kuyenda atafunda bulangete, dzuwa lili paliwombo, mwezi umene ngakhale buluzi amafuna mthunzi.

Pabwalo Gologolo analibe mpando, koma matenda amaloledwa kunenedwa ndi aliyense. Anagwada kumapeto kwa mphasa, nati iye za utsi wazisiya, wabwera chifukwa cha nkhawa ndi a Nungu, amene akuoneka kuti malungo awagwira. Anapempha kuti a dokotala awapime pomwepo asanapatsire mfumu. A Nungu anati ali bwino. A Kakowa anati zimenezo anena ndi iwo, n'kukoka bulangete lija ndi mlomo. A Nungu anali see, ngati mbatata yosenda. Anafotokoza kuti anaona kuti ziphaso zikusowa pamsika, ndiye amangothandiza.

Pofika masana munga unali wosagula ndi chipande cha mchere chomwe. A Njati, amene anali atagula minga makumi anayi pamtengo wokwera, anakhala pakhonde la nyumba yawo yotentha ija akuiyang'ana. Gologolo anawapeza pamenepo.

"Pepani, a Njati. Akuberani."

"Andibera."

"Ine sukulu sindinapite, koma chinthu chomera pathupi la munthu sichingakhale chiphaso. Mukanakhala inu mfumu, bwenzi mutasankha chinthu chosamera, chosaola, chosapsa. Ngati fupa. N'kuchidinda."

A Njati anati chidindo chimadindanso mawa. Gologolo anati n'zoona, iye sanaganize zimenezo, chidindo chikakhalapo akuba sangathe, ndipo palibe chochita. A Njati anabzikula kwa kanthawi, kenako ananena kuti pokhapokha chidindocho chitatayidwa kumene palibe angachitenge. Gologolo anati nzeru zotere n'chifukwa chake ena ali ndi nyumba za njerwa pamene ena akugona mumphako.

Pabwalo a Njati analankhula nthawi yaitali, ndipo zonse anazinena ngati zawo. Ziphaso zikhale mafupa makumi awiri, odindidwa ndi chitsulo chamoto. Mwezi ukatha azibwezedwa n'kugawidwanso. Chidindo chitayidwe m'dziwe la a Ng'ona. Mfumu ilumbire pamaso pa onse kuti sipadzakhalanso fupa lina lowonjezera, kaya apemphe ndani. Woyatsa uvuni wopanda fupa agumuliridwe mauvuni onse. Mfumu inalumbira, akazi ake ali pomwepo.

Mafupa ankapezeka kudzala la a Mkango, ndipo kunalibe wofuna kupitako. Gologolo anadzipereka, poti ndi wamng'ono ndiponso wothamanga. Kudzalako kunali mafupa akalekale, ouma ngati nkhuni. Amenewo anawadumpha. Anasankha a dzulo ndi dzana, onona, a mafuta m'kati. Atawatuta onse, palibe anafunsa kuti anali a yani. A Nguluwe anayang'anitsitsa limodzi nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali.

Anaotcha chitsulo mpaka kufiira n'kuyamba kudinda. Fupa lililonse linkalira kuti tsss, mafuta n'kumachucha, ndipo kafungo kake kanafika mpaka kumbuyo kwa bwalo kumene a Fisi anakhala okha ngati munthu wochotsedwa ntchito. Atatha, a Njati anatenga chidindo ndi manja awo n'kukachiponya pakati pa dziwe.

Kugawa kunali koti kuchitike mwezi ukaoneka, ndipo kunali kutatsala masiku anayi. Masiku amenewo uvuni uliwonse unayenera kukhala wozima. Panatsala funso la wosunga mafupa. A Njati sakanasunga, poti ndi ogula. Mfumu imakhala m'madzi. A Kadzidzi anati alibe matumba. Gologolo anagwadanso kumapeto kwa mphasa, nati pali munthu mmodzi wopanda uvuni, wokhala ndi phanga la chitseko, amene analakwa kamodzi koma ndi wathu yemwe, ndipo munthu satayidwa ngati madzi otsukira mbale. Bwalo linakhudzidwa. A Fisi analandira thumba la mafupa misozi ili m'maso, malovu ali pachibwano.

Tsiku loyamba masana Gologolo anakawazonda. Anawapeza atakhala kutali ndi thumba, atalifulatira.

"Mukusunga bwino, achimwene. Koma nyerere mwaziona?"

"Nyerere?"

"Zimatsata mafuta. Zikalowa m'thumbamo zidya ndi chidindo chomwe. Ine kwathu chiwiya cha mafuta sindichigoneka chosatsuka."

A Fisi anati madzi ali kutali. Gologolo anati n'zoona, ali kutali, n'kutsanzika. Asanafike pamphambano anamva kunyambita.

Tsiku lachiwiri anawauza kuti kumsika kukumveka zoti fupa limodzi mwa amenewo ndi lamtengo, losema, ndipo likadzapezeka patsiku logawa mlandu udzakhala wa wosunga. Anafunsa kuti kodi fupa lenileni amalidziwa bwanji, poti iye ndi wa mtedza. A Fisi anati limadziwika ndi dzino.

Tsiku lachitatu anawapeza atagwira mutu. A Fisi ananong'ona kuti poyesa paja limodzi linasweka, ndipo poti linali litasweka kale, sakanalisiya pansi.

"Limodzi lokha?"

"Atatu."

"Mlandu wa atatu ndi wa khumi umasiyana, achimwene?"

A Fisi anaganiza. Anati pabwalo lino sanaonepo ukusiyana.

"Ine ndiye sindidziwa za malamulo," anatero Gologolo. Anatuluka, anawatsekera chitseko, nakhala pamwala panja n'kuyamba kuimba nyimbo yake ija mokweza, kuti odutsa m'njira asamve zimene zinkachitika m'katimo. Ulendo uno ana sanavomere, poti kunali kutapita masiku atatu opanda utsi. Chovomera chinachokera kuseri kwa chitseko, kukukuta kawiri pamalo pake penipeni.

Mwezi unaoneka, bwalo linadzaza. A Fisi anafika mochedwa, akuyenda ngati mayi wa miyezi isanu ndi inayi, ndipo anaika thumba patsogolo pa mfumu mwaulemu. A Kadzidzi anakhutula. Munatuluka mafupa atatu, oyera bwino, opanda nyerere ndi imodzi yomwe.

A Fisi anati Gologolo ndiye anawauza. Mfumu inafunsa Gologolo, ndipo iye anati ananena za nyerere. Inafunsa a Fisi ngati Gologolo analumako fupa ngakhale limodzi. A Fisi anati ayi, sakanamupatsa. Mbali imeneyo inathera pomwepo.

A Njati anaimirira nati asule chidindo china. Mfumu inayang'ana akazi ake, kenako inakumbutsa a Njati kuti inalumbira kuti sipadzakhala fupa lowonjezera kaya apemphe ndani, ndipo mawu akuti kaya apemphe ndani anawaikamo ndi a Njati omwe. A Njati anati ndiye atenge chakale chija, angobwezeretsa amene atayika. Anatuma mthenga kudziwe. A Ng'ona anayankha kuti chidindo chilipo, achisunga bwino, ndipo mwini wake abwere adzatenge yekha pansi pamadzi, adzamulandira ndi manja awiri.

Apa a Njati anafuula kuti ziphaso khumi ndi zisanu ndi ziwiri sizingangosowa mudzi wonse ukuona.

"Sizinasowe," anatero a Kadzidzi. "Chosowa ndi chimene sitidziwa kumene chili. Izi tikudziwa kumene zili. Zikatuluka, amene apeze chidindo chikuoneka aotche uvuni wake, lamulo likumulola."

Mfumu inati mlandu watha, n'kulowa m'madzi.

Mafupa atatu aja anagawidwa, ndipo a Njati anawagula onse pamtengo umene sanafune kuutchula. Anaphunzira kupanga uvuni umodzi waukulu, womata bwino, wodya nkhuni zochepa, ndipo njerwa zotsala ankangoziumitsa padzuwa n'kumagulitsa zidina, akuuza ogula kuti zootcha zinatha fasho. Mauvuni atatu pamwezi anali akadali pansi pa mtengo wa Gologolo, koma utsi wa mauvuni atatu mphepo imautha.

Kuyambira pamenepo ndowe za fisi zimatuluka zoyera ngati laimu, ndipo njati imayenda mutu uli pansi, kununkhiza paliponse pamene fisi wadutsa. Chidindo sinachipezebe.

Kamchira anayamba ndi phala, kenako mtedza wosinja, kenako anayamba kuba wosasinja. Mvula yoyamba itagwa anatuluka mumphako mayi ake akuyang'ana kumbali, anavina pamvulapo mpaka kunyowa mchira wonse, ndipo anabwerako ndi chimfine. Gologolo anamupukuta, anamumvetsera pachifuwa, anapeza kuti ndi chimfine chabe, ndiye anamukwapula bwinobwino.

Yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kafukuleni, koma musakolezenso moto.